Khomo la Malonda Lasamukira pa Intaneti: A ku Nsefu Asunge Okha Mfungulo

M'caka ca 1950 Mfumu Yaikulu Nsefu ya Akunda inagwirizana ndi Norman Carr, mmodzi wa oyang'anira nyama m'boma la Northern Rhodesia, kuti mbali ina ya dziko la mfumuyo m'mphepete mwa mtsinje wa Luangwa ipatulidwe kukhala mosungiramo nyama za m'thengo, ndi kuti ndalama zimene alendo adzalipira podzaona nyamazo zizipita kwa eni dziko. Mu 1951 kampu ya Nsefu inatsegulidwa, ndipo inali yoyamba m'dziko lino kulandira alendo obwera ndi makamera m'malo mwa mfuti. Nzeru ya pangano lija inali yosavuta kumva: mlendo alowere pa khomo la eni mudzi, ndipo cimene wasiya pa khomopo cithandize mudzi womwewo.

Zaka zoposa 70 zapita, ndipo khomo lija lasamuka. Masiku ano mlendo wa ku London, ku Berlin, ku Johannesburg kapena ku Lusaka amasankha kumene adzagona, cimene adzaona ndi cimene adzagula ali cikhalire kwao, foni ili m'manja, miyezi ingapo asananyamuke. Pamene atsika pa bwalo la ndege la Mfuwe, masiku ake onse anawagawa kale ndipo ndalama zambiri analipira kale. Mai woluka madengu, bambo wosoka mphasa, mlimi wa mpunga, wofula uci, mmisiri wosema ziboliboli ndi mudzi umene uli ndi nyumba zogoneka alendo, onsewa amangoona fumbi la galimoto likudutsa. Katundu wao ngwabwino ndithu, koma mlendoyo sanawapeze pamene anali kufunafuna, cifukwa pa khomo latsopanolo dzina lao palibe.

Khomo latsopanoli ndilo webusaiti, ndiye kuti masamba a mau ndi zithunzi osungidwa m'kompyuta yaikulu yoyaka usana ndi usiku, okhala ndi keyala yaoyao, amene munthu aliyense pa dziko lapansi angathe kuwatsegula pa intaneti. Webusaiti yoyamba inaonekera kwa anthu mu 1991, nchito ya Tim Berners-Lee ku CERN pafupi ndi mzinda wa Geneva, ndipo dziko la Zambia linalumikizidwa ku intaneti mu 1994 kudzera ku ZAMNET ya pa Yunivesiti ya Zambia. Cimene pa nthawiyo cinali ca akatswiri a m'tauni tsopano cafika m'thumba la mnyamata wa ku Nsefu. Motero nkhani yotsala njakuti a malonda ang'onoang'ono a m'cigwa aimange motani webusaitiyo, ndipo mwini wake akhale ndani. Webusaiti yothandiza ndi imene ili yopepuka, yonena zoona, yoyankhidwa ndi munthu wamoyo, ndiponso imene dzina lake ndi mfungulo zake zili m'manja mwa eni malondawo. Zokongoletsa zonse zibwere pambuyo.

Umboni wakuti zimenezi nzotheka suli kutali. Ku Mfuwe kuli Tribal Textiles, imene inayamba mu 1991 ndipo imagulitsa nsalu zojambulidwa ndi manja kwa ogula a kunja kudzera pa webusaiti yake. Kulinso Mulberry Mongoose, kumene amai amasandutsa mawaya a misampha yocotsedwa m'thengo kukhala zibangiri ndi mikanda ya m'khosi, nazigulitsa kutsidya kwa nyanja m'njira yomweyo. Makampu akuluakulu, monga a Robin Pope Safaris amene anatsegulanso kampu ya Nsefu mu 1999, amaonetsa malo ao ndi kulandira mafunso a alendo pa intaneti. Mudzi wa Kawaza, m'dziko la Mfumu Nsefu, unayamba kulandira alendo ogona mu 1997, odzadya nsima, kuona sukulu ndi kuceza ndi anthu, pa nthawi imene mafoni a m'manja anali asanafike m'midzi ya m'cigwa. Mudzi wofuna kucita zofananazo lero uli ndi mwai umene a ku Kawaza analibe poyamba, pakuti ungathe kulankhula wokha ndi mlendo ali kwao, popanda mkhalapakati.

Koma munthu wanzeru sapita kukadula mitengo asanadziwe kukula kwa nyumba imene afuna kumanga. Asanalipire ngakhale ngwee imodzi kwa wopanga webusaiti, eni malonda ayenera kukhala pansi ndi kope ndi pensulo, nayankha mafunso anai.

Funso loyamba nlakuti webusaitiyo idzalankhula ndi ndani. Alendo a m'cigwa sali a mtundu umodzi. Pali mzungu wobwera pa ndege, amene afuna kudziwa ngati angawonjeze usiku umodzi wa kumudzi pa ulendo wake woona nyama. Pali banja la ku Lusaka, ku Migodi kapena ku Chipata lobwera pa galimoto laolao, limene coyamba lifunsa mtengo ndi mseu. Pali a ku Lilongwe, mzinda umene uli pafupi ndi Mfuwe kuposa Lusaka. Palinso oyang'anira makampu, amene amafuna ndiwo zamasamba, mazira, mphasa ndi madengu m'nyengo yonse ya alendo. Wofuna kukondweretsa onsewa nthawi imodzi amamanga cisokonezo. Nkwabwino kusankha mmodzi kapena awiri, ndi kuwalankhula mwacindunji. Ngati mlendoyo ngwakunja, mau akhale m'Cingerezi comveka, ndipo mphunzitsi wodziwa bwino cilankhuloco awawerenge asanaikidwe. Tsamba lina likhale m'Cinyanja, kuti eni malonda nawonso adziwe cimene calembedwa m'dzina lao.

Funso laciwiri nlakuti mlendoyo afuna kudziwa ciani. Yankho lake lili kale m'mitu ya anthu amene anatumikirapo alendo m'makampu, ophika, operekera zakudya ndi oyendetsa magalimoto, pakuti mafunso a mlendo sasintha. Amafunsa mtengo ndi zimene zili m'kati mwa mtengowo, malo enieni pamene pali mudzi, miyezi imene mseu umayendeka, madzi akumwa, cimbudzi, neti yochinga udzudzu, cipatala ca pafupi, ndi njira yolipirira. Webusaiti imene yayankha zimenezi m'masamba anai kapena asanu yatsiriza nchito yake yaikulu. Pa nkhani ya mseu pafunika kunena mosabisa: kucokera ku Chipata kufika ku Mfuwe ndi makilomita pafupifupi 130 pa tala, koma njira zolowera kumidzi ya ku Nsefu nzafumbi, ndipo mvula ikakula, kuyambira mu Disembala mpaka mu Malici, dothi lakuda la m'cigwa limasanduka matope oti galimoto wamba sangadutse. Aneneretu kuti mu Okutobala kumatentha koopsa. Aikenso cizindikiro ca mudzi wao pa Google Maps, nchito imene silira ndalama, kuti mlendo asasokere pa mphambano.

Funso lacitatu, limene liposa onse, nlakuti adzayankha ndani. Akatswiri amanena kuti webusaiti yabwino iyenera kumayankhulana ndi woitsegula, ndipo ena amva mauwa ngati kuti atanthauza zithunzi zovina, nyimbo zoyamba zokha ndi zilembo zothwanima. Tanthauzo lake lenileni nlakuti mlendo akagogoda, wina amuyankhe. Zida zake nzocepa: batani limodzi looneka bwino lotsegula WhatsApp, nambala ya foni imene imalira, fomu yaifupi yofunsa dzina, masiku ndi ciwerengero ca anthu, ndipo ngati kutheka kalendala yoonetsa masiku amene nyumba zadzaza kale. Koma fomu yopanda woiwerenga njoipa kuposa kusakhala nayo, cifukwa imaphunzitsa mlendo kuti malowo anafa. Akulu anati mlendo ndi mame. Wa pa intaneti amakamuka msanga koposa, pakuti akalembera malo atatu madzulo amodzi, amapita kwa amene wayamba kuyankha. Cifukwa cace gulu lisankhe anthu awiri odziwa kulemba, mmodzi wogwira nchitoyo ndi wina womulowa m'malo akadwala kapena akapita ku maliro. Liike lamulo lakuti uthenga uliwonse uyankhidwe tsiku lisanathe, ligule sola yochajira foni, ndipo mwezi uliwonse lipatule ndalama ya mabandulo monga momwe limapatulira ya sopo ndi mafuta ophikira. Mlendo aliyense wolonjezedwa malo alembedwenso m'kaundula wa pepala, pakuti foni imatayika ndipo imagwera m'madzi.

Funso lacinai nlakuti dzina ndi mfungulo zidzakhala ndi ndani. Apa mpamene ambiri amagwa. Keyala ya webusaiti sigulidwa kamodzi monga njinga, koma imalipiridwa caka ndi caka, ndipo malo osungirako masambawo nawonso ali ndi lendi yake. Zimacitika kawirikawiri kuti wopanga webusaiti amalembetsa keyalayo m'dzina lake, nasunga yekha mau acinsinsi otsegulira. Akasamuka, akasintha nambala kapena akayambana ndi eni malonda, caka cikatha webusaiti imazima, pamodzi ndi keyala imene inasindikizidwa kale pa zikwangwani ndi kudziwika kwa alendo. Mankhwala ake ngosavuta. Malondawo alembetsedwe ku PACRA, ndipo keyala ilembetsedwe m'dzina lomwelo, kaya yothera ndi .com kaya ndi .zm, imene amayang'anira a ZICTA. Pangano ndi wopanga webusaiti lilembedwe pa pepala pamaso pa mboni, lichule mtengo wonse, ndalama za caka ciliconse, ndi mfundo yakuti mau acinsinsi onse adzaperekedwa kwa wapampando ndi msungicuma. Tsiku lolipira lendi lilembedwe m'buku la gulu. Ndipo wopangayo asalandire ndalama zotsiriza asanaphunzitse anthu awiri aja kusintha okha mitengo ndi zithunzi. Mmisiri woona mtima sakana zimenezi, ndipo amene azikana wadziulula yekha.

Mafunso anaiwa akayankhidwa, kamangidwe kake kamakhala kosavuta. Coyamba ndi kupepuka. Kafukufuku amene a Google anafalitsa mu 2016 anapeza kuti anthu 53 pa 100 aliwonse otsegula tsamba pa foni amalisiya ngati lacedwa kuposa masekondi atatu. Cimene cimalemetsa tsamba makamaka ndi zithunzi zikuluzikulu ndi makanema. Zithunzi khumi zabwino, zocepetsedwa kulemera, ziposa zithunzi 100 zimene sizitseguka. Zilembo zikhale zazikulu, mtengo ndi batani la WhatsApp zionekere pamwamba penipeni. Mayeso enieni a webusaiti acitikire ku Nsefu komweko, pansi pa mtengo wa mango, pa foni yochipa ndi netiweki yofooka. Ikatseguka pamenepo idzatseguka kulikonse.

Caciwiri ndi coonadi. Zithunzi zikhale za malo enieniwo, zojambulidwa ndi eni ake. Kutenga cithunzi ca cipinda ca kampu ina ndi kuba, ndiponso ndi bodza limene mlendo adzaligwira tsiku lofika, nakalilemba pa TripAdvisor pamene dziko lonse limawerenga. Nyumba ya udzu yosesedwa bwino, yokhala ndi neti ndi nyale, ilibe cocititsa manyazi, pakuti ndiyo imene mlendo wotere akufuna. Asalonjeze nyalugwe kapena mkango, cifukwa nyama sipangana ndi munthu. Cimene mudzi uli naco ndipo kampu ilibe ndi moyo wa anthu: kusinja pa mtondo, kaphikidwe ka ndiwo zotendera, nthano za madzulo, ndi mbiri ya Akunda ndi mwambo wao wa Malaila. Komabe munthu aliyense wojambulidwa ayambe wavomera, ndipo nkhope za ana zisaikidwe popanda cilolezo ca makolo. Lamulo la Data Protection Act la mu 2021 limateteza mbiri za anthu, kuphatikizapo maina, manambala a foni ndi za m'mapasipoti a alendo, kotero gulu lifunse zokhazo zimene lifunikira ndi kuzisunga bwino.

Cacitatu ndi kalipiridwe. Nambala ya Airtel Money kapena MTN MoMo yoikidwa pa webusaiti ikhale ya gulu, yodziwika kwa msungicuma, ndipo lamulo la cikole ndi la kubweza ndalama mlendo akalephera kubwera lilembedwe poyera. Uthenga wa pa foni wonena kuti ndalama zalowa usakhulupiriridwe kufikira wina atayang'ana m'akaunti mwenimwenimo, popeza akathyali amatumiza mauthenga abodza ofanana ndi enieni. Kulandira makadi a ku banki a alendo akunja kumafuna akaunti ya ku banki ndi pangano ndi kampani yotolera ndalamazo, ndipo gulu longoyamba lingathe kuyembekeza kufikira alendo atacuruka. Pamwamba pa zonsezi, webusaiti silowa m'malo mwa laisensi. Wogoneka alendo alembetse monga momwe lamulo la Tourism and Hospitality Act la mu 2015 lifunira, ndipo asalengeze zotengera anthu m'paki ya South Luangwa popanda cilolezo ca dipatimenti yoyang'anira mapaki ndi nyama za m'thengo.

Alipo amene anganene kuti zonsezi nzosafunika, popeza Facebook ndi WhatsApp nzaulere ndipo acinyamata azidziwa kale. Mauwa ali ndi mbali yoona, ndipo gulu limene lilibe ndalama liyambire pomwepo osazengereza. Koma tsamba la pa Facebook lili ngati benci mu msika wa mwini wake. Mwini msika ndiye asankha amene aonekere kutsogolo, angathe kusintha malamulo, angathenso kutseka benci popanda mlandu kukambidwa. Pa 4 Okutobala 2021, Facebook, WhatsApp ndi Instagram zinazima pa dziko lonse kwa maola pafupifupi asanu ndi limodzi, ndipo onse amene malonda ao anali pamenepo pokha anangopinda manja. Misika ina yaikulu yogulitsirapo malo ogona, monga Booking.com, imabweretsa alendo ndithu, koma kawirikawiri imatenga pafupifupi 15 pa 100 ya mtengo, ndiye kuti K150 pa K1,000 iliyonse. Njira zonsezi zigwiritsidwe nchito monga tinjira tolondolera mlendo ku khomo, koma khomo lenilenilo likhale la eni ake.

Enanso anganene kuti kumudzi kumene njovu zimatha munda wa cimanga usiku umodzi, kukamba za webusaiti nkusewera. Koma nkhani ya njovuyo ndiyo ilimbitsa mfundoyi. Anthu a ku Nsefu ndiwo amagona m'misasa kulonda minda, ndiwo amataya nkhokwe, ndiwo amaopa kutunga madzi kumene kuli ng'ona ndi mvuu. Iwo amalipira mtengo wa nyama zimene mlendo amadzaona, motero nkoyenera kuti akhale ndi njira yaoyao yofikira thumba la mlendoyo, kuwonjezera pa malipiro a nchito za m'makampu. Caka ca 2020 cinaperekanso phunziro lowawa. Mliri wa COVID-19 utaimitsa ndege, makampu anakhala opanda alendo ndipo mabanja ambiri odalira malipirowo anavutika. Mudzi wodziwa kulankhula wokha ndi ogula a ku Lusaka ndi ku Chipata, wokhala ndi uci, mpunga ndi madengu zotumizika pa basi, uli ndi pogwira tsiku lotere likabweranso. Za kufooka kwa netiweki nzoona, koma zinthu zikusintha: kuyambira mu 2023 intaneti ya Starlink yodzera m'mlengalenga inaloledwa m'dziko lino, ndipo webusaiti yopepuka safuna mphamvu yambiri kuti eni ake aiyang'anire.

Cotsala ndi mtengo, ndipo apa mwambi wakale ugwira nchito, wakuti mutu umodzi susenza denga. Woluka madengu mmodzi sangathe kulipira wopanga webusaiti, lendi ya caka ndi mabandulo, ndiponso alibe katundu wokwanira kudzaza oda yaikulu. Koma webusaiti imodzi ya anthu a ku Nsefu, yokhala ndi tsamba la ogoneka alendo, la amisiri, la alimi ndi la ofula uci, ingasenzedwe ndi kopaletivu imodzi. Mabungwe oyambira alipo kale. Komiti ya anthu yoyang'anira zacilengedwe, imene ambiri amaidziwa kuti CRB, imadziwa midzi yonse ndipo imakumana ndi makampu. Thumba la citukuko la CDF, limene mu 2022 linakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konstityuwensi iliyonse, lili ndi gawo lothandiza makalabu a amai, acinyamata ndi makopaletivu, ndiponso la maphunziro a luso. Aphungu, makhansala ndi makomiti a m'mawadi a ku Malambo angacite bwino kutumiza anyamata ndi atsikana otsiriza Giredi 12 kukaphunzira nchito imeneyi, kuti woyang'anira webusaiti akhale mwana wa pamudzi amene amakumana ndi eni malonda pa citsime ndi ku chalichi. Makampu nawo sataya kanthu poika keyala ya anansi ao pa mawebusaiti ao, pakuti mlendo amene wapeza zambiri zocita amawonjeza masiku m'cigwa.

Nyengo ya alendo ikatha mu Novembala, gulu likhale pansi ndi kaundula uja, liwerenge mauthenga amene anafika, amene anayankhidwa tsiku lomwelo, ndi alendo amene anabweradi. Mlendo aliyense afunsidwe pocoka kuti anamva bwanji za malowo. Tsamba limene palibe analifunsa licotsedwe, funso limene labwera katatu liyankhidwe pa tsamba loyamba, ndipo mitengo ya caka camawa ilembedwe mvula isanatseke miseu.

Mfumu Nsefu ya mu 1950 sinaonepo kompyuta, koma inadziwa kufunsa kuti ndalama ya mlendo idzathera kuti. Adzukulu ake afunse funso lomwelo kwa aliyense wobwera kudzawapangira webusaiti, ndipo asasaine kanthu kufikira ataona dzina la gulu lao pa pepala la keyala ndi mau acinsinsi atalembedwa m'buku la msungicuma.